Mwana Amene Ankandikwera Pamsana

Ine ndinali goloboyi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chifukwa chimene ndinkanyozera mpira wa anthu aja. Kwathu ku Luchenza ndinatchinga pagolo zaka zisanu ndi ziwiri m'timu ya pa esiteti ina ya tiyi, ndipo mpaka lero kachala kanga kakumanzere kamaloza kwake pamene zinzake zikuloza kutsogolo. Mpira ndinkaudziwa, ndipo mpira ndi wozungulira. Ndiye tsiku lina masana, ndili pa geti imene ndinkalondera kufupi ndi Silicon Oasis ku Dubai, kunagwa chinthu chofiira, chotalika ngati papaya. Ndinati ndichiwakhe chitanjanja, koma chinakhotera kumanja. Ndinachitsatira, chinabwerera kumanzere. Ine, munthu amene ndinkagwira mapenate, ndinakachipeza chitaima chokha pansi pa galimoto ya eni.

Mwini wake anali kamwana kachizungu ka zaka zisanu ndi zitatu, ka m'nyumba yomalizira ya mumpanda umene tinkalondera. Makolo ake anali a ku Australia. Bambo ake ankagwira ntchito ya zomangamanga, mayi ake ankaphunzitsa pa sukulu ina ya ana aang'ono. Kanaima patsogolo panga, mphuno itasupuka ndi dzuwa, n'kunena m'Chingerezi chawo chija chotafuna mawu kuti, "Ankolo, menyani."

Ndinamenya monga amamenyera goloboyi. Chinthu chija chinapita cham'mbali n'kukalowa m'maluwa a nyumba ina. Mwanayo anaseka mpaka kugwira pamimba, kenaka anandionetsa: uloze nsonga yake pansi, uusiye ugwe wokha, uumenye usanafike pansi. Akamenya iye, mpirawo unkapita mowongoka ukugudubuzika chafutambuyo m'malere, n'kudzagwera m'manja mwanga ngati wachita kuutuma. Ndinachita manyazi, komanso ndinachita chidwi, ndipo ziwirizi sizinandichoke zaka zonse zimene ndinamudziwa.

Tsiku lina anandionetsa masewera awo pa foni ya mayi ake. Bwalo lalikulu looneka ngati dzira, anthu khumi ndi asanu ndi atatu mbali iliyonse, atavala majezi opanda mikono. Mapolo anayi uku, anayi uko, opanda mtanda wapamwamba. Ukadutsitsa mpira pakati pa mapolo awiri aatali, ndiye chigoli, mapointi asanu ndi imodzi. Mnzako akaumenya iwe n'kuuwakha usanagwe pansi, woyimbira amaliza wezulo, onse amakusiya, umabwerera m'mbuyo n'kumenya popanda wokukhudza.

"Nanga goloboyi ali kuti?" ndinafunsa.

"Kulibe, ankolo."

"Ndiye si mpira umenewu. Ndi ndewu ya pamsika."

Ndili mkati monyoza choncho, pa foni paja munthu wina anathamanga, n'kuponda mnzake pamsana ndi bondo, n'kukwera mpaka pamapewa, n'kuwakha mpira kumwambako. Ndinadikira kuti amutulutse. M'malo mwake anthu onse m'bwalo anaimirira akukuwa ndi chimwemwe, woyimbira n'kumusiyira mpira womwewo. Mwana uja anati kwawo palibe chinthu chokongola kuposa chimenecho, ndipo iye adzachita tsiku lina. Ndinamuuza kuti kwathu akanamulipiritsa nkhuku.

Anakulira m'maso mwanga. Mpira uja sankausiya: popita ku basi ya sukulu ankaunjanjitsa pa njerwa za mumsewu, pobwera chimodzimodzi, mpaka unaphunzira kumumvera n'kumabwerera m'dzanja lake. Lachisanu lililonse m'mawa bambo ake ankapita naye ku bwalo lina kumene anthu ochepa a kwawo ankakumana kuti asewere. Atakwanitsa zaka khumi ndi zinayi anamutumiza ku sukulu yogonera komweko ku Australia, chifukwa kuno analibenso wopikisana naye. Ankabwera pa tchuthi, ulendo uliwonse atawonjezera msinkhu, mpaka ndinayamba kumupatsa moni nditakweza mutu. Ana anga atatu ku Luchenza ndinkawaona kamodzi pa zaka ziwiri. Uyu ndiye ndinamuona akuguluka mano, akusintha mawu, akumera tindevu.

Chaka chimene mliri unayamba anali akuyandikira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Masukulu atatsekedwa kwawo, anabwera kwa makolo ake kuti adzakhale masabata awiri. Paja chakudza sichiyimba ng'oma: ndege zinaima, malire anatsekedwa, masabata awiri aja anasanduka miyezi. Mzinda wa Dubai unakhala chete mmene sindinaumverepo. Msewu waukulu wa kuseri kwa mpanda wathu, umene sunkapuma, unangoti zii, moti kwa nthawi yoyamba ndinadziwa kuti m'mitengo ya kanjedza ya pa geti munali mbalame. Kampani inatichotsa ku akomodeshoni kumene antchito ake tonse tinkagona, alonda awiri a pamalopo, n'kutiika m'kachipinda ka kuseri kwa geti kuti tisamasakanikirane ndi anthu ambiri. Mnzangayo anali bambo wa ku Chipata, wapakamwa kwabasi. Iye ankalowa madzulo, ine m'mawa. Ntchito yathu inasanduka kuloza anthu pamphumi ndi kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, ndi kupopera mankhwala makatoni obwera ndi anyamata a njinga zamoto.

Malamulo atafewa pang'ono n'kulola anthu kutuluka m'nyumba, mnyamata uja anayamba kuthamanga. Mkati mwa mpanda munali kamsewu kozungulira nyumba zonse, ndipo m'mamawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke, ankakazungulira ali ndi mpira. Inali nyengo yotentha, imene ngakhale m'mamawa mpweya umakhala wonyowa ndi wolemera. Ndinkamva kunjanja kwa mpira kukuyandikira, kukudutsa, kukuzilala, kenaka kukubweranso, mpaka ndinkasiya kuwerenga. Ine ndinakulira pakati pa anthu othyola tiyi tsiku lonse pa zitunda, ndiye kupirira ndimakudziwa. Koma kuthamanga koteroko, popanda wokuthamangitsa, popanda kochi, popanda woonerera kupatula mlonda wovala masiki, sindinakuonepo. Akamaliza ankavula nsapato n'kukhuthula thukuta pa njerwa.

Bambo ake ndiwo anandifotokozera chimene chinkamuthamangitsa. Kumapeto kwa chaka chilichonse matimu akuluakulu a kwawo amasankha anyamata a msinkhu wake, ndipo amene wadumphidwa chaka chake kawirikawiri amaiwalika. Tsono chaka chimenecho mipikisano ya anyamata inali itaimitsidwa, iye ali kutali, ndiye matimu ankadalira mavidiyo. Munthu wina wofufuza osewera anamuuza pa foni mosapsatira: kuthamanga takuona, kumenya ndi miyendo yonse iwiri takuona, koma sitinakuonepo m'mwamba uli ndi munthu pansi pako. Popanda chimenecho palibe akanamutenga.

"Tayesa matiresi, akupindika," anatero bamboyo, ataima patali mamita awiri monga mwa lamulo. "Tayesa bini ya zinyalala, yasweka. Ine ndikanaima, koma msana wangawu uli ndi zitsulo, anandichita opaleshoni. Inu ndinu wamfupi, wojintcha, ndipo mumadziwa pamene mpira udzagwere. Mungoima basi, mutamufulatira."

Ndinamva bwino lomwe, koma ndinawapempha kuti abwereze, kuti mkwiyo upeze nthawi yotsika. Sunatsike. Ndinati, "Bwana, pepani, zimenezo ayi," ndipo ndinalowa m'kanyumba ka pa geti n'kutseka chitseko, chinthu chimene mlonda sachitira mwini nyumba.

Kwathu munthu salumphidwa. Ukakhala pansi utatambalala, mwana n'kulumpha miyendo yako, mayi anga ankamuitana pomwepo, ngakhale atafika kale kumsewu, kuti abwere adzalumphenso chobwerera. Ankati wolumphidwa sakula. Nditakula ndinadziwa kuti zosakulazo n'zoopsezera ana, koma chenicheni chake chinandilowa m'mafupa, choti munthu si chipika. Tsono apa sankanena zolumpha miyendo chabe ayi. Ankanena za bondo pamsana, pa ine bambo wa ana atatu, wa imvi m'ndevu, pamaso pa makamera a kampani. Zaka zonsezi ku Dubai ndinali nditatsegulira anthu mageti, kuwanyamulira zikwama, kuyankha mwaulemu ana oti ndikanatha kuwabereka. Msana wokhawu ndi umene ndinali nditadzisungira.

Mnzanga wa ku Chipata ndiye anasonkhezera moto. "Mudala, mwakwezedwa pa nchito," anatero akuseka. "Kuchoka pa sekyuriti kufika pa makwelelo. Mukaniuze ngati bafunako na mpando, nizabwela ine."

Patapita masiku anayi, m'mamawa ndikutuluka m'kachipinda kathu, ndinaona atatu onse pa kapinga wa pakati pa nyumba. Mayi anali ndi mpira, foni ataiimika pa mpando. Bambo anali ataima, atavala jekete ya olenji yosambirira panyanja kuti iwateteze, atafulatira mwana wawo, khosi atalilowetsa m'mapewa ngati munthu woyembekezera chikwapu. Mayi anaponya mpira m'mwamba. Mnyamata anathamanga, anafika, ndipo pa sitepe yomaliza anapatuka. Mpira unagwa pansi. Bambo anakalipa kuti yalla, tiye, lumpha. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anapatukanso, n'kukakhala pansi pa mtengo, mutu uli pakati pa mawondo.

Ndinkaganiza kuti ana a anthu awa sadziwa kuti msana wa munthu wamkulu n'chiyani. Uyu ankadziwa, ndipo analolera kutaya chimene anathamangira moyo wake wonse kusiyana n'kupweteka bambo ake. Mkwiyo wanga unasowa poima.

"Bwana, vulani jeketeyo," ndinatero. Kenaka ndinaitana mnyamata uja. "Iwe, tamvera. Ndiima. Koma kwathu ukalumpha munthu umabweza. Ukangotsika, ine ndikhala pansi, iwe udzalumphe miyendo yanga chobwerera kumene unachokera, ndipo uzinena kuti pepani. Ulendo uliwonse. Ukadzaiwala kamodzi, khalas, zathera pomwepo, ukafune bini ina."

"Pe-pa-ni," anayeserera. "Pepani, ankolo."

Sindidzaiwala ulendo woyamba. Bambo anamenya mpira kuchokera kumapeto kwa kapinga, ine ndinauona ukukwera, ndipo miyendo ya goloboyi inandiimika pamene unkadzagwera. Kumbuyo ndinamva mapazi. Ndinalimbitsa thupi kuyembekezera thumba la feteleza. Koma chimene chinandikhudza pakati pa mapewa chinali chopepuka modabwitsa, kungokhudza n'kuchoka, monga mbuzi imapondera pamwala podumpha ngalande. Mthunzi unandidutsa pamutu. Kumwamba kwenikweni, kumene sikumveka phokoso la munthu, ndinamva manja akuti phwa pa chikopa. Kenaka anagwera patsogolo panga, n'kugubuduka kamodzi, n'kuimirira mpira uli pachifuwa. Ine ndinali nditagwada osadziwa kuti ndagwada liti.

Ndinatambalala pa kapinga. Anabwera, analumpha miyendo yanga chobwerera, nati pepani ankolo. Mayi ake anaseka mpaka misozi, koma iye sanaseke.

Tinachita zimenezo m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu, shifiti yanga isanayambe. Supavaiza wathu ataona pa kamera anangopukusa mutu n'kunena kuti malinga ndisavale yunifolomu, iye sanaone kanthu. Masiku ena ndinkagwa chafufumimba, m'kamwa mutadzaza udzu. Masiku ena ankandiuza kuti ndizimukankha, ndizibwerera m'mbuyo, ndimuvutitse monga angachitire mdani, ndipo ndinkamuvutitsadi ndi mtima wonse. Mkazi wanga ku Luchenza sindinamuuze. Akafunsa pa foni chifukwa chimene ndinkabuulira pokhala pansi, ndinkanamizira bedi la kampani. Koma kubweza mnyamatayo sanaiwale ngakhale kamodzi, ngakhale tsiku limene anagwera phewa n'kudzuka nkhope itayera ndi ululu. Mayi ake podula mavidiyo ankachotsa gawo limenelo.

Anandionetsa imodzi ataichedwetsa. Ndinaona kabambo kakuda, kamimba, kovala jekete ya olenji, katatsinzina, ndipo pamwamba pake mwana wa munthu ataima m'malere, mutu utapitirira denga la galaja, manja atatambasula, nkhope ili phee ngati akungothyola mango. Ndinaionera kasanu, osakhulupirira kuti zonsezo zinkachitikira pamwamba pa mutu wanga ine ndikuyang'ana udzu. Ndinaipempha, ndipo ndili nayo mpaka lero.

Mpando wa m'ndege unapezeka chaka chikupita kumapeto. Anapita yekha, n'kukatsekeredwa m'chipinda cha hotela masabata awiri monga ankachitira onse olowa m'dziko lawo. Akuti ankamenyera mpira pa mapilo. Tsiku losankha osewera linafika, maina anatchulidwa mpaka kutha, lake panalibe. Mawa lake kunali kusankha kwachiwiri, kwa otsalira, amene amapatsidwa chaka chimodzi chokha kuti adzionetse. Ndinali ndikuyeza kutentha kwa munthu wobweretsa madzi akumwa pamene ndinamva mayi ake akukuwa. Anabwera akuthamanga opanda nsapato, masiki ili m'khosi, foni ili m'mwamba. Anaiwala za mamita awiri aja, nanenso ndinaiwala.

Chaka chachiwiri cha mliri ndicho chinali chake choyamba. Masabata ambiri ankasewera ndi timu yachiwiri, kumene kulibe makamera. Ankanditumizira mawu pa foni ya mayi ake, akudandaula za kuzizira kumene thupi lake la ku Dubai silinakuzolowere, ndi za kutolera mipira ya akuluakulu masewera oyeserera akatha. Ine ndinkamuyankha monga goloboyi wakale kuti atolere basi, wamkulu aliyense anayamba ndi kutolera. Kenaka Lachinayi lina dzina lake linatuluka pa timu yaikulu. Kwawo kuli mwambo woti wosewera koyamba amalandira jezi yake pamaso pa makolo ake. Iye anailandira makolo ake ali pa sikirini, chifukwa malire anali asanatsegulidwe. Masewera a masana kwawo amakhala m'mawa kuno. Anandiitana kuti ndikaonere kunyumba kwawo, koma ndinali pa shifiti, ndiye ndinatsamiritsa foni pa botolo la sanitaiza m'kanyumba ka pa geti. Wa ku Chipata uja, m'malo mokagona, anakoka mpando.

Bwalo lija! Mipando yokwana anthu a Luchenza yense ndi alendo awo, koma yopanda munthu ndi mmodzi yemwe, chifukwa matenda anali atabukanso mumzinda umene ankasewerera. Chilichonse chinkamveka: kupuma kwa osewera, matupi akuwombana, mbalame zikulira pa kapinga. Ndipo pakati pa zimphona zija panali mwana amene ndinamutulutsira mpira pansi pa galimoto. M'manja mwanga munayamba kutuluka thukuta ngati ndikudikira penate.

Masewerawa amakhala ndi zigawo zinayi, ndipo m'zitatu zoyamba sanachite zambiri. Wa ku Chipata anayamba kuyasamula. M'chigawo chomaliza, timu yake ikutsalira pang'ono, mpira unamenyedwa kuchokera pakati kupita kufupi ndi mapolo. Pansi pake panaima wotchinga kumbuyo wa timu inayo, bambo wandevu, chimphona cha munthu. Thupi langa linadziwa zisanachitike. Ndinapezeka nditaimirira, mapewa nditalimbitsa. Mnyamata anatulukira kumbali kwa sikirini, bondo pamsana, ndipo anangopitirira kukwera. Anakhala kumwambako nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. Phwa! Olengeza masewera anakuwa onse pamodzi. Wa ku Chipata anagwetsa mpando. "Iyee, mudala! Ni munthu uyu?"

Chimphona chija chinali chitagwa chafufumimba. Mnyamata anadzuka mpira uli m'manja, mapolo ali pafupi, chigoli chake choyamba chikumudikira. Ankangofunika kuzungulira n'kubwerera m'mbuyo. Koma anatembenuka, anapita pa munthu wogona uja, n'kukweza phazi kuti amulumphe chobwerera. M'bwalo lopanda anthu lija mawu ake anamveka bwinobwino mpaka m'kanyumba kanga: "Pepani, ankolo."

Chichewa, m'bwalo limenelo, pa wailesi yakanema ya dziko la eni! Koma chimphona sichinkadziwa kuti chiyenera kudikira. Chinali chikudzuka, ndipo nsapato ya mnyamata inachigunda pakhutu. Kwawo kulumpha munthu amene wamugwetsa ndi chipongwe chachikulu, kumuonetsa kuti sali kanthu. Bamboyo anamugwira pakhosi pa jezi, anzawo anathamangira, panali kukankhana. Woyimbira analiza wezulo, analanda mpira n'kuupereka kwa timu inayo. Timu yake inagonja ndi mapointi osakwana chigoli chimodzi. Olengeza aja, amene ankakuwa posachedwa pomwepo, anati mwanayu luso ali nalo koma ndi wodzimva, akufunika kuphunzitsidwa ulemu.

Lachinayi lotsatira dzina lake silinatuluke. Linalo silinatulukenso. Chaka chake chimodzi chija chinkatha, ndipo ndinkamudziwa amene anachidula. Bambo ake sanandinene. Ankatsitsa galasi la galimoto n'kundipatsa moni monga kale, zomwe zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ine ndi kunyada kwanga ndinali nditatenga mwambo wa pakhonde pa mayi anga n'kuumangirira ku miyendo ya mwana wa eni. Ngakhale wa ku Chipata anasiya kundiseka, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti zavutadi.

Ndinapempha mayi ake kuti andiimbire. Anaonekera pa foni ali m'chipinda chake, tsitsi losapesa.

"Iwe, unkaganiza chiyani?"

"Sindinaganize, ankolo. Miyendo inangopita yokha."

"Kwathu timabweza kuti wolumphidwayo akule. Munthu uja ukufuna akule afike pati? Akagunde denga?"

Anaseka, ndipo mayi ake pambali panga ananong'ona kuti kumeneko kunali kuseka koyamba chichitikireni zija. Anandiuza kuti anamuimbira bambo wandevu uja n'kumufotokozera zonse. Bamboyo akuti ananena kuti m'zaka zake zonse zopondedwa palibe amene anamupepesapo. Kochi naye anamva nkhani yonse, koma sanaseke. Anangoti m'bwalo lake muzichitika za mpira basi.

"Kochi wako akunena zoona," ndinatero. "Tamvera. Lamulo lija ndinaika ndine, ndiye ndikulichotsa ndine. Khalas, ndakumasula. Uziwaponda, uziwasiya pomwepo."

"Chabwino, ankolo," anatero, koma anayang'ana kumbali.

Anamubwezera m'timu patatsala masewera ochepa kuti chaka chithe, wina atavulala. Aliyense ankadziwa kuti apa ndi pomaliza: achite bwino amusunge, alakwitsenso akwere ndege. Tsiku limenelo m'bwalo munali anthu, atakhala motalikirana. Ndinali ndekha pa geti. M'chigawo chachitatu mpira unakwera, ndipo ndinamuona akubwera. Pansi pake panali anthu atatu. Anakwera pa wapakati, n'kutsika nawo mpira, munthuyo atagwa pambali pake. Ndinakuwa ndekha m'kanyumba, "Zungulira! Iwe, zungulira!"

Anazungulira. Anamusiya munthu uja patali ndithu, n'kuyamba kubwerera kukatenga malo omenyera, akupukuta mpira pa jezi. Kamera inamutsatira. Atayenda masitepe angapo, pa kapinga popanda munthu aliyense, anakweza phazi lamanja, analiponda patsogolo pang'ono, n'kukwezanso lamanzere, monga amachitira munthu polumpha miyendo yotambalala. Milomo yake inagwedera. Olengeza anali pa nkhani ya mphepo, palibe anaona kanthu. Miyendo imene analumpha pamenepo inali yanga.

Ndinakhala pansi. Ana amene ndinabereka sindinawaphunzitse ngakhale kumanga zingwe za nsapato. Anawaphunzitsa ndi mayi awo, ine ndikutsegula mageti a anthu. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinatenga kwa mayi anga n'kupatsira mwana chinali chikuyenda pa kapinga ku Australia. Ndinalira, sindibisa, mpaka masiki inanyowa.

Anamenya. Mpira unagudubuzika chafutambuyo m'malere, mofanana ndi tsiku lija pa geti, n'kudutsa pakati penipeni pa mapolo aatali. Anzake onse, ngakhale otchinga kumbuyo, anathamanga kudzamusokoneza tsitsi, pakuti ndi mmene amachitira ndi chigoli choyamba cha munthu. Zoti timu yamusunga tinadzamva patapita masabata, koma ine ndinadziwira pomwepo.

Osewera atapita kukapuma, foni ya pa geti inalira. Inali ya ku nyumba yomalizira. Ndinapukuta mphuno n'kuyankha ndi mawu a ntchito.

"Mwaona?" anatero bambo ake.

"Ndaona, bwana."

"Mesa munati mwamumasula?"

"Ndinamumasula."

Chapatali ndinkamva mayi ake akumina.

"Ndiye sanakumvereni."

"Sanandimvere, bwana. Mwana wathuyu ndi wosamva."

Nditaika kale foni m'pamene ndinazindikira kuti ndinati wathu, ndipo bamboyo sananditsutse.